Mpope Umene Unakana Kulowa

"Ukulowa, alamu, mtima m'malo. Wangotsala pang'ono," anatero Boyd, thukuta lili kamukamu ngakhale m'galajamo munkazizira.

Darlene anaima pakhomo atapinda manja. Mfuti yake inali zidutswazidutswa pathebulo. Chigoba chake chapamwamba, chija chimagwira mpope, chinali chomangidwa pavaisi, chipangizo chopanira zitsulo, ndipo mpope watsopano unali utangolowa kamutu kokha n'kukanirira pomwepo.

"Pang'ono pakepo n'pomwe munandiuza m'mawa paja?" anafunsa Darlene.

Inali nyengo imene nkhosa zimaswa kuno ku Wyoming, ndipo nkhandwe zinali zitadya kale tiana tingapo. Mpope wakale unali utaperepeseka mkati, moti chipolopolo chinkangopita kumene chafuna. Darlene anafuna kupita nayo mfutiyo kwa wokonza mfuti kutauni, koma Boyd, mng'ono wa mwamuna wake, anaseka mpaka kutsokomola. Anati kantchito kotereka iye ankakagwira atatsinzina pamene anali msilikali. Darlene ankadziwa kuti kuusilikaliko Boyd ankayendetsa lole ya chakudya. Ankadziwanso kuti munthuyu anabwera pafamupo mkazi wake atamuthamangitsa, akuti adzangokhala mlungu umodzi, koma chisanu chinabwera n'kupita iye akadali pampando wabwino wa pabalaza.

"Boyd, chigobacho n'chothina. Aliyense amadziwa chochita. Ikani mpopewo m'firiji uzizire, chigobacho muchitenthetse pang'ono. Zilowana zokha."

"M'firiji?" Boyd anapukusa mutu ngati wamva zamwana. "Alamu, iyi ndi mfuti, si nkhuku. Za kukhitchini zisiyeni kukhitchini."

"Nkhuku ikanakhala m'manja mwanu ndikanaimvera chisoni."

Boyd anafunafuna m'bokosi la zida n'kutulutsa hamala, ija yokhomera mizati ya mpanda. Nthawi yomweyo Harlan, mwamuna wa Darlene, analowa akukutumula udzu pajekete.

"Harlan, muuze mng'ono wakoyu aike pansi chimene wanyamulacho."

Harlan anayang'ana hamala, anayang'ana mkazi wake, kenako anayang'ana pansi. Moyo wake wonse anali akuikira kumbuyo Boyd, kusukulu, kupolisi, ngakhale kwa apongozi.

"Musiye, Darlene. Akudziwa chimene akuchita."

"Mwamvatu, alamu?" anatero Boyd akumwetulira. "Amuna akamagwira ntchito, ena amaonerera."

Anaika kathabwa kumapeto kwa mpope n'kumenya. Mpope sunasunthe. Anamenyanso, kathabwa kanang'ambika pakati. Anakataya uko, analavulira m'manja, n'kumenya chitsulo chenichenicho ndi mphamvu zake zonse. Panamveka kaphokoso kakang'ono, kouma, ngati munthu wathyola fupa la nkhuku.

Boyd anatsitsa hamala.

Mpope unali utalowadi, koma mopendekera. Pakhosi pa chigoba panali mng'alu wautali, woonekera ngakhale uli pakhomo. Boyd anaupukuta ndi chala ngati ndi tsitsi logwerapo. Sunachoke.

"Chitsulo chabodza ichi," anatero. "Mafakitale a masiku ano angokhala akuba. Komanso inu, alamu, mumangolongolola kumsana kwanga. Munthu angalunjike bwanji?"

Darlene sanakuwe. Anayandikira, anauyang'anitsitsa mng'aluwo, kenako anamuyang'ana Boyd kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, monga ankayang'anira nkhosa yotupidwa asanaganize zoipha.

"Mwatha ntchito, bwana msilikali," anatero. "Nkhandwe zikamva zibwera kudzakuthokozani."

Anatenga makiyi a galimoto pamsomali.

"Ukupita kuti?" anafunsa Harlan.

"Kwa Mayi Etchepare, kukabwereka mfuti yawo. Akandifunsa kumene kwapita yanga, ndikawafotokozera bwinobwino. Lamlungu kutchalitchi onse adzakhala atamva."

"Darlene, zapakhomo n'zapakhomo."

"Tiana tankhosa tija ukukwirira m'mawa uliwonse n'tapakhomonso."

Harlan anapita pathebulo. Anamasula vaisi, ananyamula chigobacho n'kuchitembenuza kukuwala kwa pawindo. Mfutiyi anamugulira Darlene ndi iye, chaka chimene anayamba kuweta nkhosa zawozawo. Anayendetsa chikhadabo mumng'alumo kwa nthawi yaitali.

"Achimwene, musadandaule," anatero Boyd. "Ndikachiwotcherera chibwerera mwakale. Ndinkawotcherera zoposa izi."

"Boyd."

"Ndikungofunika makina abwino basi, osati zidole muli nazo muno."

"Boyd, khala chete." Harlan anaika chigobacho pansi pang'onopang'ono. "Unaphwanya thirakitala, ndinati inali yakale. Unasiya geti lotsegula, ndinati ndi mphepo. Lero ndinene kuti chiyani? Ndaima pano ndikuonerera. Mawa m'mawa ndikuperekeza kukakwera basi."

Boyd anaseka, akudikira kuti mkulu wake asekenso. Harlan anatuluka osacheuka, kulunjika kukhola.

Kuseka kuja kunazirala. Boyd anatembenukira kwa Darlene, mawu atafewa ngati a mwana wopempha switi.

"Alamu anga, mulankhule nawo. Inu amakumverani. Ndipita kuti ine?"

Darlene anavala magolovesi ake mosafulumira, chala chimodzichimodzi.

"Sutikesi yanu ili pamwamba pa kabati," anatero. "Ikakana kutseka, mundiitane. Musaimenye."

Analiza galimoto n'kutuluka pageti, ndipo anatsika kukalitseka yekha.