Uchi wa Adokotala

Adokotala sanali dokotala. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ku ofesi ya zaumoyo, kutayipa makalata ndi kumata zithunzi m'makoma. Anthu a mumsewu wawo atayamba kuwatchula Adokotala, iwo anaona kuti si ulemu kutsutsa anthu ambiri chotero.

Atapuma pa ntchito anatsala ndi wodwala mmodzi yekha, mdzukulu wawo wa zaka ziwiri ndi theka amene ankamutcha Abwana. Mwana wawo wamkazi ankamusiya m'mawa popita ku fakitale yosoka zovala, n'kudzamutenga madzulo. Mayiyo anali atanena kale kawiri konse kuti mlamu wake amasunga ana. "Tsiku lomwe ndidzaone cholakwika, Ababa, mwanayu ndikamupereka kumeneko." Adokotala anangoseka. Cholakwika, m'nyumba imene iwo analetsa shuga? Pachitseko cha kabati anali atalembapo ndi zilembo zazikulu kuti SHUGA NDI MDANI. M'botolo la Abwana munkalowa madzi ofunda ndi uchi basi, ndipo mwanayo ankayenda nalo kukamwa tsiku lonse ngati woyimbira mpira ndi wezulo yake.

Lachitatu lina Abwana anakana nthochi. Anagwira pakamwa n'kuyamba kulira kulira kwina, kopanda mkwiyo. Adokotala anamukweza mlomo wam'mwamba. Mano anayi akutsogolo anali ndi mawanga akuda m'mphepete mwa nkhama, ndipo limodzi linali ndi kabowo.

"Zotsalira za chakudya izi," anadziuza. Ananyowetsa kansalu n'kupukuta. Sizinachoke. Anayesa ndi mchere. Anayesa ndi chikhadabo, mwana anakuwa mpaka galu wa aneba anayankha. Wotchi ya pakhoma, imene anawapatsa powatsanzika ku ofesi, inati leveni koloko. Mayi wa mwana amafika faifi. M'nyumbamo, chimwalirire akazi awo, munthu amene ankawaitana anali mwanayu yekha.

Anavala jekete, ananyamula mwana paphewa, botolo m'thumba, ulendo wa kuchipatala cha mano.

"Ndine wa ntchito yomweyi ine," anauza mayi wolembera mayina pakhomo.

"Ndiye mukudziwa kuti mzere umayambira uko, agogo."

Anakhala pabenchi maola awiri, thukuta likuyenderera m'kolala. Pakhoma moyang'anana nawo panali chithunzi cha mwana atagona ndi botolo kukamwa, pabotolopo atakhwatchapo mofiira. Zithunzi ngati chimenechi Adokotala anamata zambirimbiri pa moyo wawo. Chimene ankayang'ana nthawi zonse chinali chakuti zisapendame.

Dokotala wa mano anali mtsikana wamsinkhu wa mwana wawo. Anagoneka Abwana pamiyendo ya agogo ake, nayang'ana m'kamwa ndi kagalasi.

"Amamwa chiyani masana?"

"Shuga ndinaletsa ine," anatero Adokotala. "Ndi uchi uwu. Weniweni, wa njuchi." Anatulutsa botolo ngati umboni.

"Agogo, dzino silifunsa ngati kutsekemerako kwachokera ku njuchi kapena ku nzimbe. Likamasambira m'zotsekemera tsiku lonse limawola basi. Mumamutsuka mano?"

"Si mano a ubwana awa? Adzaguluka okha."

"Adzaguluka pa nthawi yake, patsogolo pa zaka zitatu kapena zinayi. Mpaka pamenepo azidyera chiyani? Ndiponso amenewa ndi amene amasungira malo mano akuluakulu."

"Ndiye mungowapukuta, mwanangu. Muli ndi makina. Isanakwane faifi." Adokotala anamva okha kuti akupempha, ndipo sanasiye. "Chonde. Mayi ake asaone."

Mtsikanayo anaika kagalasi pansi. "Atatuwa tikhoza kuwapulumutsa. Labowoli tiyesa kulimata, likakana lichoka. Koma sindigwira kanthu mayi ake asanavomere. Botololi lithe lero, azimwera kapu, ndipo pakati pa chakudya madzi okha. Kutsuka kawiri pa tsiku, ndi mswachi wofewa, mankhwala ake ochepa ngati kambewu kampunga. Ayimbireni."

Panja, pansi pa chithunzi chija, Adokotala anagwira foni nthawi yaitali. Anaganiza zonena kuti mwana anagwa. Anaganiza zonena kuti ndi za kumtundu kwa bambo ake, anthu a mano ofooka. Abwana anali akufufuza m'thumba la jekete, akuti, "Gogo, tolo, tolo." Adokotala anayimba foni ija.

Mayi wa mwana anafika ulusi udakali pamalaya. Anakweza mlomo wa mwana wake, nayang'ana, nayang'ananso. Sanakalipe. Adokotala akanakonda akanakalipa.

"Ndi uchi," anatero iwo. "Ndine ndinkamupatsa. Tsiku lililonse."

"Ine ndinkaona botololo, Ababa. Ndinkati poti ndi inu, mukudziwa."

Analowa kukasaina. Potuluka ananyamula mwana, natambasula dzanja. Adokotala anapereka botolo. Iye analiponya m'bini ya pakhonde, ndipo Abwana anayamba kukuwa kuti msewu wonse umve.

"Kwa alamu ako ndiye apita liti?" anafunsa Adokotala, maso ali pa nsapato zawo.

"Alamu anga ali ndi ana asanu ndi atatu. Angathe kulimbana ndi kukuwa uku sabata yonse? Mwamuzoloweza ndinu, mumuleketsa ndinu." Anamukhazika mwana bwino m'chiuno. "Mawa eyiti koloko akumata dzinolo. Mubwere mudzamugwire miyendo. Jeketeyo muisiye kunyumba."

Pobwerera Adokotala anapatukira pagolosale. Anasankha kamswachi kakang'ono kwambiri, ndipo anaima pomwepo, magalasi pamphuno, kuwerenga zolembedwa kumbuyo kwa paketi kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza. Wogulitsa anawayang'ana modabwa.

"Bwanji Adokotala, pali cholakwika?"

"Ndikuwerenga," anatero.