Gadiyani wa Idah

Idah ataona njinga yamoto yofiira itaima pansi pa mtengo wa mapichesi pakhomo pa amayi ake, anaima kaye. Anali atayenda wapansi kuchokera kusukulu kumene ankaphunzitsa, kuseri kwa phiri la Mphunzi, makope a ana a Sitandade 6 ali pamutu, chisanu cha mu Juni chikumuluma m'zala. Njingayo ankaidziwa bwino. Inali ya a Kathumba, dokotala wa matenda a maganizo amene iye anasiya kupitako miyezi iwiri yapitayo.

Iye anawasiya, koma iwo anali asanamusiye.

Anawapeza atakhala pampando wandalema wa malemu bambo ake, kapu ya tiyi ili m'manja. Amayi ake, a Magadalena, anali pamphasa chapoteropo, nkhope ili mwee ngati ayenderedwa ndi bambo mfumu. Pambali pa njinga panali thumba la kachewere, lomanga kale kukamwa.

"Uyu wafika," anatero a Magadalena. "Tula katunduyo udzagwade, uwalonjere adokotala."

Idah anatula makope pakhonde, koma sanagwade.

"Mwaswera bwanji a Kathumba? Mwandibweretsera buku langa la kuchipatala?"

A Kathumba anaseka pang'ono, akuyang'ana a Magadalena. "Mukuona mayi? Moni sanathe n'komwe, milandu yayamba kale. Waondatu, Idah. Koma ukugona?"

Makolo a ana kusukulu ankamutchula kuti madamu, ahedi ankamuti aphunzitsi, koma kwa a Kathumba iye anali iwe basi, ngati kamwana kobwera kusikelo. Mayi wa zaka makumi atatu ndi zinayi!

Chilungamo chake, bamboyu anamuthandizapo, ndipo Idah sankakana. Zaka zitatu m'mbuyomo khanda lake litamwalira, mwamuna wake n'kunyamuka ulendo wa ku Joni wosabwerera, Idah anasiya kudya, anasiya kulankhula. Tsiku lina amayi otola nkhuni anamupeza m'nkhalango ya Chongoni alibe nsapato, asakudziwa ndi dzina lake lomwe. Anamunyamulira ku kachipatala ka kuseri kwa phiri kumene a Kathumba ankagwira ntchito. Masabata atatu a Magadalena anagona pasimenti pambali pa bedi la mwana wawo, monga achitira gadiyani aliyense, ndipo dzina lawo ndi nambala ya foni yawo zinalembedwa m'buku. Idah anachira n'kubwerera kuntchito. Kuyambira pamenepo, kwa a Magadalena, pambuyo pa Mulungu ndi Amayi Maria pankabwera a Kathumba.

Zinthu zinayamba kupotoka pang'onopang'ono. Odwala ena ankalowa n'kutuluka chitseko chili pululu, koma akalowa Idah chitseko chinkatsekedwa. Dzanja la moni linkachedwa kubwerera. Pafoni pankagwa mauthenga opanda mutu: wadzuka bwanji, wavala chiyani lero, palibe amene angakumvetse ngati ine. Tsiku lina Idah, mwa ufulu wake, anawauza kuti mphunzitsi wina wamufunsira ndipo iye akuganiza zolola. A Kathumba anati zimenezo ndi zizindikiro zoti matenda akubwerera. Anamuwonjezera mapiritsi mpaka ankawodzera choko chili m'manja, ana akuseka. Nkhani ya mwamunayo, imene anainena m'chipinda chotseka, anakaipeza kunyumba itafika kale m'makutu mwa amayi ake.

Ndi pamene anakwera minibasi kupita ku boma, kukaonana ndi dokotala wina, mayi wofatsa dzina lake a Victoria. Nambala ya a Kathumba anaitseka pafoni yake. Koma buku analisiya kwa iwo, poti anati akufuna kulembamo zina, ndipo nambala ya gadiyani inalibe woitseka. Lamulungu lililonse Misa ikangotha, foni ya a Magadalena inkalira.

"Buku lili ku ofesi," anatero a Kathumba. "Ubwere udzatenge wekha, tidzakhale pansi tikambirane. Mayi andiuza kuti Lachitatu sunadye. Andiuzanso kuti Lachiwiri likubwerali ukupitanso ku boma kuja."

Idah anatembenukira amayi ake. A Magadalena anayamba kuchotsa timaudzu pamphasa.

"Lachitatu ndinadya chinangwa kusukulu," anatero Idah. "Ndipo kumene ndipite Lachiwiri si nkhani yanu. Ndinakuuzani kuti musandiimbire, musabwere kuno."

"Sindinabwere kwa iwe, ndabwera kwa gadiyani wako. A ku boma aja sakukudziwa, Idah. Ine ndinakutola uli mbuu. Ndipo mmene ndikukuoneramu, mwina ndilembere ahedi kalata kuti upume kaye. Ana a eni ake aja safunika munthu amene mutu sukuyenda bwino."

Pamenepo Idah zinamukwana.

"Mukayerekeze!" anakuwa. "Mukayerekeze kukhudza ntchito yanga! Chokani pampando wa bambo anga, tengani njinga yanu muzipita!"

Nkhuku zinabalalika. Kuseri kwa mpanda mayi wina woyandikana nawo anasiya kupeta. A Kathumba sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anangoika kapu pansi mosamala, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene zimene ananena zapherezera.

"Mayo ine," ananong'ona a Magadalena, dzanja lili pakamwa. "Wayambanso."

Mawu amenewo anamulasa Idah kuposa zonse zimene a Kathumba ananena. Anaona msampha umene analimo. Akakhala chete ndiye kuti wavomera, akapsa mtima ndiye kuti wadwala. Munthu amene anadwalapo mutu saloledwa kukwiya ngati anthu ena. Analowa m'nyumba, ndipo ali pawindo anaona amayi ake akuthandiza kumangirira thumba la kachewere panjinga, akupepesa, akuwomba m'manja.

Lachiwiri kunacha ndi chifunga. Idah potuluka anapeza amayi ake atavala kale juzi ndi mpango, atamanga chitenje chawo cha kutchalitchi.

"Mukupita kuti amayi?"

"Kumene ukupita iweko. Wodwala sayenda yekha."

Mu minibasi anakhala mothithikana pakati pa madengu a kabichi. Asanafike n'komwe pamsewu wa tala, foni inalira m'chitenje. A Magadalena anaimasula mofulumira.

"Eee adokotala, tadzuka. Tili m'njira. Ayi, phala wamwa. Usiku? Ndinamumva akutembenuka kawiri kapena katatu. Mankhwala akumwa, ndimamupatsa ndekha."

Minibasi yonse inamva. Bambo wina wa chipewa anacheuka kumuyang'ana Idah, kenaka anasendeza mwendo wake kutali pang'ono. Idah anangoyang'ana kunja, kumene minda ya kachewere inkadutsa mu chifunga, manyazi atamugwira.

Kuchipatala anadikira pabenchi mpaka dzuwa linatuluka. Dzina lake litaitanidwa anapempha amayi ake kuti atsale kaye panja. A Victoria anamulandira ndi moni wa ulemu, chitseko anachisiya chotsekula pang'ono. Anamufunsa za tulo, za kudya, za kusukulu. Idah anayankha zonse, kenaka anafotokoza za njinga yofiira, za buku ndi za kalata ya kwa ahedi. Polankhula ankadziletsa kwambiri kuti mawu ake asakwere, kuopa kuti nawonso angagwedeze mutu.

"Mukhoza kukwiya, aphunzitsi," anatero a Victoria. "Nanenso zandikwiyitsa. Kupsa mtima pa zinthu zopsetsa mtima si matenda."

Idah anagwira m'mphepete mwa tebulo. Misozi inatuluka yokha, ndipo anaisiya.

"Za buku musadandaule, tiyamba latsopano. Zimene zinalembedwa kumene kuja ndiitanitsa ine kudzera ku ofesi, inu musapiteko. A Kathumba alibe mphamvu yolemba kalata ya kwa ahedi, pakuti simulinso m'manja mwawo. Ngati mauthenga aja munasunga, ofesi yolandira madandaulo ili kuseri kwa kolandirira mankhwala. Koma pali chimodzi chimene ine sindingathe kukuchitirani. Zonse zimene tikambirane muno, gadiyani wanu amayenera kudziwako zina: mankhwala, masiku obwera, zoyenera kuyang'anira. Ngati zikafika kwa gadiyani zikumapitirira, ndiye kuti bambowo akadali m'chipinda muno."

Idah anapukuta misozi. Kenaka anadzuka n'kukawaitana amayi ake.

A Magadalena analowa mowerama, n'kukhala pamphepete penipeni pa mpando.

"Amayi," anayamba Idah, "ndikupempha chinthu chimodzi, pamaso pa adokotalawa. A Kathumba akaimba, musamayankhe. Akabwera, muziwauza kuti abwerere. Basi."

"Ndibweze mlendo pakhomo? Ine?"

"Si mlendo, amayi. Ndinakuuzani za chitseko chija. Ndinakuonetsani mauthenga."

"Ine sinditha kuwerenga za m'foni. Ndipo iwowo anandichenjeza kuti matendawa akamabwerera, munthu amayamba kuda amene akumuthandiza, amawanamizira ndi zinthu zoti sanachite."

"Ndiye pakati pa ine ndi iwo, mukukhulupirira ndani?"

A Magadalena anayang'ana a Victoria ngati akupempha thandizo, koma a Victoria sanalowerere. Ndiye anatembenukira mwana wawo, maso atafiira.

"Iwe sunadzione mmene unalili. Ndinakuona ndine. Mapazi ali magazi okhaokha, ukundiyang'ana ngati ndine mtengo. Ndinaika kale mdzukulu m'manda, ndimati ndiikanso iwe. Munthu amene anandibwezera mwana wanga, ine sindingamutsekere chitseko. Undipemphe china chilichonse."

Sankanama, ndipo n'chimene chinkawawa kwambiri. Akanakhala mayi oipa zikanaphweka. Idah anawayang'ana manja awo ong'ambika ndi khasu ndi chisanu, manja amene anamusambitsa ali wamkulu kale, ndipo mtima unamupweteka. Koma anakumbukiranso bambo wa chipewa akusendeza mwendo.

A Victoria anali atatsekula buku latsopano. Analemba dzina, zaka ndi mudzi, cholembera n'kuima.

"Pa gadiyani tilembe ndani?"

"Lembani Monika Chadza," anatero Idah. "Timaphunzitsa limodzi. Ndinamupempha kale, analola."

 A Magadalena anadzutsa mutu.

"Mwana wa eni ake?" anafunsa, mawu ali pansi. "Ine ndili moyo?"

"Mukadali amayi anga. Koma za matenda anga sindidzakuuzaninso."

A Magadalena sanalire. Anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje, zala zikuchedwa, n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki ka mapiritsi amene kwa zaka zitatu ankamupatsa okha m'mawa uliwonse. Anakaika patebulo, osati m'manja mwa Idah. Anaweramira a Victoria n'kutuluka.

Idah anatsala kumva za mankhwala ake ndi tsiku lobweranso. Potuluka anapita kuseri kwa kolandirira mankhwala, anapereka foni yake kwa mlembi wa madandaulo, n'kufotokozanso zonse kuyambira pachiyambi, mlembiyo akulemba. Zinatenga nthawi. Ankaganiza kuti amayi ake apita, koma anawapeza pachipata atakhala pamwala, akuwothera dzuwa.  Anayenda mpaka ku depoti motsogozana, a Magadalena patsogolo.

Mu minibasi yobwerera munali malo awiri oyandikana, koma a Magadalena anadutsa n'kukakhala kumbuyo kwenikweni. Idah anakhala kuseri kwa dalaivala, buku latsopano lili m'chikwama pamiyendo. Atangodutsa pamsika, anamva foni ija ikulira kumbuyo. Inalira nthawi yaitali. Idah sanacheuke.

"Eee adokotala," anamva mawu a amayi ake. "Tikubwerera."

Panadutsa kanthawi, wa kumbali inayo akulankhula.

"Sindikudziwa. Ayi, ndi zimenezonso sindikudziwa. Tsiku lake sanandiuze." Kenaka mawu awo anauma. "Musandifunse ine, adokotala. Ine si gadiyani."

Ndi zimene Idah ankafuna kumva kwa miyezi iwiri yathunthu. Anazimva bwinobwino, liwu lililonse, ndipo sizinamukomere ngakhale pang'ono. Anakumbatira chikwama chake, minibasi ikukhotera kumsewu wafumbi wa kwawo, kumene madzulo amenewo akaphike pamoto umodzi ndi kudya m'mbale imodzi ndi mayi amene anali atangowachotsa m'buku.