Chitsime cha a Ndinalipo

"Tauni ino inabadwa ine ndikuona, mchombo wake ndinadula ndine," anatero a Ndinalipo ataima pakati pa bwalo la nyumba zawo za lendi, mimba ili patsogolo ngati nayonso ikufuna kuyankhulapo. "Mundimange nsalu kumaso, mundizunguze katatu, ndikuuzanibe chimene chagona pansi pa phazi lanu. Chitsime tikumba pano."

Anagogoda pansi ndi chidendene. Akazi awo, amene aliyense ankangowaitana kuti Amayi a nyumba, anali pakhonde akutsuka mbale m'madzi omwe anali atatsukira kale dzulo lake. Pamwamba pa madziwo pankayandama mafuta ndi ntchentche ziwiri zomwe zinafa zisanalape. Amayiwo sanadzutse mutu. Zaka makumi atatu za ukwati zinawaphunzitsa kuti mwamuna wawo akayamba kudzitama, kumuyankha n'kuthira palafini pamoto.

Dzina loti Ndinalipo bamboyu sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anthu a lendi, chifukwa nkhani iliyonse, kaya ya msewu, kaya ya chimphepo chomwe chinasasula tchalitchi, iye ankailanda pakamwa pa mwini wake ndi mawu amodzimodziwo. Komatu choonadi chinalimo pang'ono, ngati mchere wa m'ndiwo za pamaliro. Anafikadi kuno kuli misasa isanu ya asodzi, dambo, ndi udzudzu wonenepa. Kenaka kunabwera msewu, msewu unakoka fakitale ya ayezi, ayezi anakoka magalimoto a nsomba, ndipo magalimotowo pobwerera ankatsitsa anthu ochokera kumtunda, aliyense ndi mkeka wake ndi m'bale wake. Dambo lija analikwirira ndi mchenga, zinyalala ndi njerwa zosweka, pamwamba pake n'kumangapo. Nyumba zinathithikana mpaka munthu akayetsemula kuchipinda kwake, woyankha amakhala wa nyumba ina.

Anthu anachuluka, koma paipi ya madzi inakhalabe yomwe ija, yowonda ngati chala. Tsopano unali mwezi wachitatu mpopi wa pabwalo ukungotulutsa mpweya. Bafa linali litamera ndere zoterera, kuchimbudzi munthu ankalowa atapuma kale panja, ndipo matewera a chipinda chachitatu ankayanikidwa osachapidwa bwino, n'kumanunkhira bwalo lonse. Namwino wa chipinda chakumapeto ndiye anayankhulira anthu a zipinda zonse zisanu ndi zitatu: mwezi ukatha madzi kulibe, asamukira kwa Wagolosale, amene anali atangomanga zipinda zatsopano kumtunda pang'ono, zokhala ndi mjigo wakewake.

Zipinda za lendi za pabwalo pawozi Amayi a nyumba anazimanga ndi msana wawo, zaka zonse zomwe ankayanika nsomba padzuwa. Mwamuna wawo anaikapo malangizo. Pofuna kugula simenti yomangira chitsime, banjali linagulitsa injini ya bwato lawo lomaliza. Panalibenso china chogulitsa. Chitsime chinali choti chikumbidwe kamodzi basi.

N'chifukwa chake madzulo ake, powapatsira amuna awo tiyi, amayiwo anafunsa za dzenje lakale. Kale, msasa wonse unali ndi dzenje limodzi lalikulu, lakuya ngati manda a njovu. Ndimo ankadzithandizira asodzi onse ndi alendo awo, ndimonso ankatayamo matumbo a nsomba. Litadzaza analitseka, kenaka mchenga wokwirira dambo unabisa zonse. Amayiwo ankangofuna kudziwa kuti dzenjelo lili kuti tsopano.

"Mapazi mazana awiri kuchokera pamene madzi amalekezera," anayankha a Ndinalipo, osaganiza n'komwe. "Ndinayeza ndine. Mawa ndikakuonetsa, uleke kundidyera kumaso."

M'mawa mwake anatsetserekadi kunyanja, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo. A Ndinalipo anaponda pamene funde lomaliza linanyowetsa mchenga, natembenuka, nayamba kuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu amene wangophunzira kumene. Anadutsa pakati pa mabwato, analumpha ngalande yakuda yomwe inkatsitsira zonyansa za tauni yonse m'nyanja, analowa m'kanjira ka pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wometa, akupondaponda mapepala apulasitiki ndi mamba a nsomba. Pa zana limodzi ndi makumi asanu anali pageti pawo penipeni, koma sanacheuke. Anapitirira, nakafikitsa mazana awiri pakhomo la golosale.

Apo ndiye anasangalala. Anaitana Wagolosale, munthu wofatsa amene anabwera m'tauniyi zaka zinayi zokha zapitazo, namuuza pamaso pa ogula kuti shuga wake, buledi wake ndi mjigo wake womwe, zonse zakhala pamwamba pa manyi a asodzi. Anati ndiko kuipa kobwera mochedwa, munthu umagula malo ndi maso okha. Wagolosale anangomwetulira, napitiriza kukulunga sopo.

Pobwerera, amayi aja anayankhula motsitsa mawu kuti anthu asamve.

"Abambo, inu mwayambira kuwerenga pamene nyanja ili lero. Nanga kale inali pamenepo? Mathandala omwe ndinkayanikapo nsomba aja ali kuti? Madzi akaphwa, si mitengo yake imene imaonekera m'kati muja? Nyanja yatidya mtunda, yasendera kuno."

"Yasendera? Ili ndi miyendo?" A Ndinalipo anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe unkayang'ana nsomba, ine ndinkayang'ana dziko. Zimenezi uzisiyire ife."

Amayiwo anangowatsatira mpaka kunyumba. 

Wokumba anali mchimwene wawo wa amayiwo, amene tauni yonse inkamutcha Mfuko. Anali munthu wamfupi, wa manja ngati mafosholo, ndipo theka la zitsime za m'deralo anakumba ndiye. Atafika anazungulira bwalo, nanunkhiza mpweya, nanena kuti iye akanakonda kukumba kuseri, kufupi ndi mpanda. Alamu ake anamuuza kuti waitanidwa ndi khasu lake, osati ndi nzeru zake.

"Chabwino alamu," anatero Mfuko akuvula malaya. "Paja a Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndingokumba."

Tsiku loyamba munatuluka mchenga. Tsiku lachiwiri munatuluka tauni yakale: nkhwaira za phazi limodzi, maukonde ovunda, mabotolo, mphika wobooka, ndi chigaza cha galu. A Ndinalipo ankatola chinthu chilichonse n'kufotokoza mwini wake, chaka chake, ndi matenda amene anamupha. Anthu a lendi ankamvetsera atagwira mphuno, chifukwa dothi linali litayamba kuda, ndipo fungo lake linkakhala pakhosi ngakhale munthu atamwa tiyi. Mfuko akatuluka kudzapuma, mlongo wake ankamuyang'ana m'maso, iye n'kungopukusa mutu pang'ono. Atamufunsa kuseri, anati dothi limenelo salikonda, koma mwini bwalo ndi amene walamula, ndipo iye sangalimbane ndi munthu amene anadula mchombo wa tauni.

Amayiwo anayesanso usiku usanagwe. Anapempha kuti aimitse, akumbe kuseri simenti isanawonongeke. Mwamuna wawo anawafunsa ngati akufuna kuti Wagolosale amve kuti a Ndinalipo asintha malo chifukwa cha maloto a mkazi. Nkhani inathera pomwepo.

Tsiku lachitatu, dzuwa litangokwera, khasu la Mfuko linalira mwachilendo. Anapalasa ndi fosholo, napeza chinthu chosalala, cholimba, chotambalala m'dzenje monse. M'mbali mwake munayamba kutuluka timadzi, n'kumasonkhana pamwamba pake pang'onopang'ono.

A Ndinalipo anavala malaya a kutchalitchi. Anagogoda zitseko zonse zisanu ndi zitatu, natumanso uthenga kwa Wagolosale kuti abwere adzaone mmene eni dziko amapezera madzi. Anthu atasonkhana, anafotokoza kuti limenelo ndi thanthwe limene iye ankalidziwa kuyambira kale, kuti pansi pake pali mtsinje wa madzi ozizira ochokera kumapiri, ndipo timadzi tapamwambato ndi moni chabe. Anatsitsa kapu pachingwe, Mfuko anatunga, kapu inakwera.

Madziwo anali a mtundu wa tiyi wopanda mkaka amene wagona masiku awiri. Munkayandama tinthu.  A Ndinalipo anapereka kapu kwa Namwino kuti alawe poyamba monga munthu wophunzira.

"Bambo, ine kuntchito ndimaona zambiri za mtundu umenewu," anatero Namwino, manja ali kumbuyo. "Koma sitimwa. Timatumiza kokayeza."

Anthu anaseka chamumtima. A Ndinalipo anakweza kapu, namwa yonse, kholingo likukwera ndi kutsika. Anapukuta pakamwa ndi dzanja. Diso limodzi linatuluka msozi, koma anati ndi kuzizira kwake. Anati madzi otere amangofunika kuzolowera, ndipo analamula Mfuko kuti aswe thanthwelo, mtsinje utuluke.

Mfuko sanamenye. Anagwada, napapasa ndi zala pansi pa madzi aja, nagogoda ndi chitsulo mofatsa, khutu ali atatchera. Kenaka anakwera makwerero mwakachetechete, natuluka, nakhala patali ndithu.

"Alamu, ine ndaswa miyala yambiri. Mwala ukaugogoda umayankha kamodzi. Uwu ukuyankha kawiri, ngati ng'oma. Ndiponso sindinaonepo thanthwe lokhala ndi mawaya m'kati. Limeneli anaumba ndi anthu."

"Mantha basi. Banja lonseli ndi la mantha, mlongo ndi mchimwene yemwe."

"Eya, ndife amantha. N'chifukwa chake tikadali ndi moyo. Chitsulo ndi icho."

Amayi a nyumba anaima. Kwa nthawi yoyamba pamaso pa anthu a lendi, anagwira mwamuna wawo pamkono. Anati asatsike, aganizire zipinda, aganizire injini ija. Anati ngati ndi manyazi, iwo avomera kuti ndi amene analakwitsa malo, anthu aziseka iwowo. A Ndinalipo anachotsa dzanjalo ngati akuchotsa mbozi, nayang'ana Wagolosale amene anali ataima pageti, manja m'thumba, akumwetulira mwaulemu. Kumwetulira kumeneko ndi kumene kunawatsitsa m'dzenje.

Anatsika ndi malaya a kutchalitchi omwewo, makwerero akulira pa sitepe iliyonse. Atafika pansi anaima pakatikati, natambasula miyendo, nalavulira m'manja. Ali m'dzenjemo anayambanso kuphunzitsa, mawu akumveka ngati ochokera m'mgolo: kuti achinyamata a masiku ano sadziwa ntchito, kuti iye ali mnyamata ankaswa miyala yotere asanadye kanthu. Anamenya koyamba, chitsulo chinadumpha. Anamenya kachiwiri, panamveka kulira ngati mbale yosweka m'chipinda cha anthu ena.

Kachitatu sanamalize. Simenti yakale inatseguka pansi pa mapazi awo, ndipo a Ndinalipo anamira mpaka m'khwapa m'zinthu zimene msasa wonse unasunga kwa zaka makumi atatu, zakuda, zofewa, zofunda, zosaumapo ndi tsiku limodzi chifukwa cha madzi a dambo. Dzenje linageya. Fungo linakwera ngati munthu, linadzaza bwalo, linalowa m'zipinda, m'zovala, m'mphika wa chipinda chachiwiri womwe unali pamoto. Mayi wa matewera uja anasanza pomwepo. Nkhuku zinathawira kumsewu. Ntchentche za tauni yonse, za kumsika ndi za kudoko zomwe, zinamva uthenga nthawi imodzi.

Anawakoka ndi chingwe, Mfuko ndi amuna awiri a lendi, aliyense nkhope atayang'ana kumbali. Atafika pamwamba anagona chafufumimba pamchenga, nsapato imodzi itatsala pansi, zinthu zikuyenderera kuchokera m'matumba a malaya. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma chimene chinatuluka ndi kapu ija, yonse.

Panalibe amene anaseka. Namwino, mpango uli pamphuno, anapita pageti n'kufunsa Wagolosale ngati makiyi a zipinda zija ali nawo m'thumba momwemo kapena akatenge kugolosale. Anzake anali atayamba kale kutulutsa matiresi.

A Ndinalipo anadzutsa mutu, nafunafuna akazi awo ndi maso.

"Mayi, timadzi."

Pakhonde panali ndowa imodzi, yomwe amayiwo anakatunga m'bandakucha kumjigo wa Wagolosale, ataima pamzere maola awiri. Anayang'ana ndowayo, anayang'ana mwamuna wawo, anayang'ananso matiresi akutuluka pageti motsatizana. Kenaka ananyamula ndowa ija bwinobwino kuti isatayike ndi dontho lomwe, nalowa nayo m'nyumba, natseka chitseko.