Mizere Khumi Imene Lumbani Anafufuta

Mu 1996, munthu wodziwa kulemba pulogalamu ya kompyuta ku Biwi ankachita kusowa. Lumbani Mhango ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankayenda mapewa ali m'mwamba, madisiketi akusuzumira m'thumba la malaya kuti aliyense aone. Kachipatala kena ka pulaiveti katamupempha kuti alembe pulogalamu yosunga zotsatira za magazi, anavomera asanaganize n'komwe. Anamupatsa masabata awiri, chikhalirecho ntchitoyo inkafuna miyezi iwiri.

Tsono anadzera yachidule. Pemphani, mnzake amene anaphunzira naye limodzi, anali atalemba pulogalamu yosunga malikisi a ana pasukulu ina ku Area 25. Lumbani anapita kukamuchezera, ndipo mnzakeyo atatuluka kukamugulira fanta, iye anakopera pulogalamu yonse padisiketi. Pamwamba pake panali mizere khumi ya ndemanga, mawu amene wolemba amasiyira anthu osati makina, ndipo mzere woyamba unali dzina la Pemphani. Lumbani anaifufuta yonse nthawi imodzi osawerenga, n'kuikapo dzina lake. Paliponse pamene panali malikisi anasintha kuti pakhale zotsatira. Adokotala anamugwira chanza kawiri, iye osachita ndi manyazi omwe.

Patatha miyezi isanu, Sisitala Zipora, namwino wamkulu wa pachipatalapo, anamuitanitsa. Anatseka chitseko asanayankhule.

"Bambo Mhango, tili ndi a Ennie Kamwendo awiri, wina wa ku Chinsapo, wina wa ku Kawale. Onse anayezetsa mu Juni, onse ali ndi makanda. Buku la ku labu likuti amene ali ndi kachilombo ndi wa ku Kawale. Koma makina anuwa anauza wa ku Chinsapo kuti akudwala, wa ku Kawale n'kumuuza kuti ali bwino. Tandiuzeni, zinatheka bwanji?"

Lumbani akanatha kunamizira kalaliki wolowetsa maina, kamtsikana kamantha kamene sikakanadziteteza, ndipo maganizo amenewo anamufikiradi. Koma vutolo linkachokera mu pulogalamu ya malikisi ija, imene iye mwini sankaimvetsa. Anakwera minibasi ya ku 25 n'kukaulula zonse kwa Pemphani.

Pemphani sanakalipe. Anayatsa kompyuta, n'kutsegula pulogalamu yake, n'kuloza mzere wachitatu ndi chala. Panalembedwa kuti pulogalamuyi imafufuza munthu ndi dzina lokha. Ikapeza maina awiri ofanana imalemba zonse pa woyamba, wachiwiri n'kutsala wopanda kanthu, choncho isagwiritsidwe ntchito poposa kalasi imodzi. Ndipo mu pulogalamu ya Lumbani, wopanda kanthu ankatuluka ngati wopanda matenda.

"Aise, ukanangopempha," anatero Pemphani motsitsa mawu. "Ndikanakupatsa ulere, ndikanakuuzanso zimenezi. Unathamangira kufufuta dzina langa basi."

M'mawa mwake Sisitala Zipora anamupatsa maenivelopu awiri okhala ndi zotsatira zoona. Anati apita naye limodzi, koma wotsegula pakamwa akhala Lumbaniyo. Anayamba ndi ku Chinsapo, poti kumeneko ankapititsa nkhani yabwino. Ali m'njira Lumbani anayamba kudzitonthoza kuti mwina mayiyo alumpha ndi chimwemwe n'kumukhululukira. Munthu wolakwa sachedwa kudzilonjeza zabwino.

Atakhota panjira yolowera kunyumbako anaona masamba ataikidwa pamsewu. Azibambo anali atakhala phee pansi pa mtengo wa mango. Mayi wina wachikulire anawauza kuti maliro ndi a khanda la a Ennie, lamwalira dzulo ndi matenda otsekula m'mimba. Mwamuna wawo, a Amos, anachoka pakhomo tsiku lomwe anaona pepala la kuchipatala lija.

Anawapeza a Ennie kuchipinda atakhala pamkeka, maso ali gwa. Lumbani anagwada pakhomo. Anafotokoza zonse, za disiketi, za mizere khumi, za maina awiri, n'kuwapatsa pepala la zotsatira zoona. Sankadziwa ngati mayiyo akumva, pakuti kompyutayo sanaionepo n'komwe.

"Ndinamumana bere kuti ndimupulumutse," anatero a Ennie. "Ndinaopa kumupatsira. Ankalira kufuna kuyamwa, ine n'kumafinyira mkaka pansi kuseri kwa bafa. Ndinkamumwetsa phala lamadzimadzi, mwana wa miyezi iwiri." Kenaka anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. "Ndiye mukuti mkaka wanga unali wabwino, bambo?"

"Unali wabwino, mayi."

A Ennie sanalire, sanatukwanenso. Anapinda pepalalo bwinobwino n'kulimanga pansonga ya chitenje. Lumbani analakalaka akanamumenya mbama, koma palibe amene anamukhudza.

Atatuluka, Lumbani anatsamira khoma. Sisitala Zipora sanamupatse mpata.

"Tiyeni, Bambo Mhango. Ku Kawale mayi uja akuyamwitsabe."

Lumbani anagwira m'thumba la malaya, muja munkakhala madisiketi. Enivelopu yachiwiri inali momwemo.