Benchi Yomwetsedwa Khofi

Bu Sumirah, kapena kuti Mayi Sumirah, ankapukuta benchi yobwera kumeneyo pamene chala chake chinakhudza timabowo tondondozana kunsi kwa thabwa. Anaima, mtima uli phaa! Ankatidziwa bwino timabowoto. Anali mano a tcheni cha njinga yawo yakale.

Kalekale, mabenchi enieni a m'masiteshoni a sitima atayamba kusowa m'tauni ino ya Ambarawa, iye ndi mwamuna wake Pak Darmaji, ndiye kuti Bambo Darmaji, ankapanga awoawo n'kumawagulitsa ngati akalekale. Benchi ya dzulodzulo ankaikwapula ndi tcheni, kuimwetsa khofi wakuda, kuisiya pamvula mpaka ioneke ngati atsamunda Achidatchi anakhalapo. Ndiye lero ina yabwerera pakhomo, itazungulira dziko. Choipa chitsata mwini, abale!

Vuto linali Pak Darmaji. Chidwalireni sitiroko, mkuluyo anasiya kudya, kulankhula komwe. Anatsitsimuka tsiku limene Mas Parjo, mnzake wa malonda, anabweretsa benchiyi. Mkuluyo anaisisita n'kunena kuti ndi ya pa kasiteshoni ka kwawo, pomwe malemu amayi ake ankagulitsa mtedza wophika. Kuyambira pamenepo ankaswera pakhonde, maso ali kuminda ya mpunga kumene njanji inamera udzu, akumvetsera sitima zimene wina aliyense sankazimva. Ndipo ankadya. Bu Sumirah ankaopa kuti akadziwa zoona, abwerera pamphasa.

Masana ena Mas Parjo anafika akupukusa mutu, nakokera mayiyo kuseri kwa mulu wa matabwa.

"Achemwali, mtima ukundivuta. Amene anandigulitsa uja waulula. Benchi ija ndi yopanga. Ndiwauze achimwene, asamanamizike."

"Iwe Parjo, chilungamo wayamba liti? Si iwe unagulitsa mzungu belu la ng'ombe kuti ndi la sitima?"

"Zijazi zinali za malonda. Awa ndi anzanga."

"Ukatsegula pakamwa pakopo, ndikumwetsa khofi ndi kukusiya pamvula nawenso!"

"Parjo!" anaitana Pak Darmaji ali pakhonde, mawu akukoka pang'onopang'ono. "Chinafa ndi dzanja, makutu alipo. Bwerani kuno nonse."

Anapita ngati ana ogwidwa ndi shuga m'manja. Mphepo inkaweyula mpunga, mitambo itakhala pamutu pa phiri.

"Bu, tcheni munkagwira ndinu, koma muyeso unali wanga," anatero mkuluyo osatembenuka. "Ndinaizindikira isanatsike m'galimoto. Yeniyeniyo anthu anaiwaza nkhuni siteshoni itatsekedwa. Iyi ndinaipanga pokumbukira. Mwendo uwu ndinaufupikitsa dala, kuti izigwedera monga inkachitira amayi akatula dengu. Pa dziko lonse palibenso ina yofanana nayo. Ndiye bodza lake lili pati?"

Mas Parjo anakanda m'mutu. Bu Sumirah anamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, misozi ili lengelenge. Masiku onsewa ankalondera chinsinsi chimene mwini wake anakhalira. Anapukuta manja pansalu, nati akhale pambali pa mwamuna wake.

"Osati apo, Bu," anatero Pak Darmaji motsitsa mawu. "Apo m'pa amayi. Sitima ya masana ili pafupi, afika pompano."

Bu Sumirah anayang'ana nkhope ya mwamuna wake, yowala ngati ya mwana. Anazungulira mwakachetechete, nakakhala kumapeto, n'kusiya malowo.