Dimba Langa Silibwerekedwa

Chaka chimene anthu ankavinira ufulu wa matipate, ine anandimanga pakhonde panga pomwe. Ondimangawo anali mwana wanga Ethel ndi mwamuna wake Gilibati. Mlandu wanga? Kuchipatala ku Mitundu anandipeza ndi BP, matenda othamanga magazi aja.

"Amayi, inu muzingokhala," anatero Ethel. "Musagwire kanthu, mungatigwere."

Ndinkati n'chikondi. Ngakhale mtedza wosenda ankandilanda. Ndinakhala phee ngati mtondo wakutha, manja n'kufooka mpaka kapu ya tiyi kumandipulumuka. Tsiku lina ndinamva Gilibati kuseri kwa nkhokwe akupangana ndi bambo wina wa ku Nathenje kuti abwereke dimba langa adzalemo tomato.

"Apongoziwa atha basi," anatero.

Dimba limene anandisiyira mayi anga! Mkamwini wobwera ndi kachikwama kamodzi pamudzi pano! Ndinalira, koma ndi ukali.

M'mawa mwake a Tikondane, mayi wa zaumoyo, ankadutsa pa njinga kuchokera kusikelo ya ana. Ndinawaitana n'kuwakhuthulira zonse.

"Kodi adokotala anakuletsani ntchito?" anafunsa.

"Ayi. Andiletsa ndi ana anga anzeruwa."

"Kungokhala kumawonjezera matendawa, mayi. Tiyambire pamene mwakhalapo."

Anatenga nsanza ya chitenje n'kuikulunga molimba ngati chitsononkho. "Finyani. Osati ndi mphamvu zonse ayi, pang'ono chabe. Gwirani choncho mukuimba ndime ziwiri za nyimbo ya kutchalitchi."

"Aa, kuimbako n'kwa chiyani?"

"Kuti muzipuma. Mukafinya mutagwira mpweya, magazi amakwera. Nyimbo ikatha pumulani, kenako sinthani dzanja. Kawiri dzanja lililonse, masiku atatu pa sabata. Koma nsanzayi si mankhwala. Mapiritsi musasiye, mchere chepetsani, ndipo muzikayezetsa mwezi ndi mwezi. Mukamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, lekani mupite kuchipatala."

Ndinayamba tsiku lomwelo. Gilibati ankaseka ndi anzake kuti apongozi ayamba kukama nsanza. Ethel ankachita manyazi akamadutsa anthu. Ine ndinkangoimba, mtima ukuwawa. Kenako ndinayamba kuyenda mozungulira mudzi, ndiwo zanga n'kumaphika ndekha, chifukwa Ethel mchere amathira ngati akupha chiswe.

Itapita miyezi, namwino ku Mitundu anandimanga lamba pamkono, napopa, namwetulira. "Yatsika, agogo. Ntchito zopepuka gwirani, bola osadzipanikiza padzuwa."

Sindinauze munthu. M'mawa ndinalawirira kudimba n'kuyamba kuthirira mpiru. Posakhalitsa anatulukira Gilibati ndi mlendo wake wa ku Nathenje, chingwe choyezera chili m'manja, Ethel ali pambuyo. Gilibati anathamanga n'kugwira chitini changa chothirira.

"Bweretsani, amayi, mungavulale."

Anakoka. Sindinasiye. Anakokanso, madzi n'kumukhavukira m'thalauza. Mlendo uja anayang'ana kumbali.

Ine sindilimbana ndi mkamwini pakamwa. Ndinatembenukira kwa mwana wanga. "Ethel, uwauze amuna akowa kuti mwini dimba sanafe."

Mlendoyo anakwera njinga yake osatsanzika. Ethel anapepesa akulira, ndipo ndinamukhululukira. Koma mawu aja akuti "atha basi" sanandichoke mpaka lero.

Anzanga achikulire, BP si imfa. Imwani mankhwala, chepetsani mchere, kayezetseni, ndipo funsani a zaumoyo akuonetseni kafinyidwe koyenera kolimbitsa manja. Inunso ana, kholo lodwala musamaliike m'manda lili moyo.