Zala za a Gerishomo

"Gwiraninso, aphunzitsi," anatero Sophia, mtsikana wa ku bungwe lomwe linabweretsa matabuleti pasukulupo.

A Gerishomo anagwiranso, koma galasi linangoti zii. Zala zawo zinali zitakakala ndi khasu la m'munda wa mpunga, moti kachipangizoko sikankazimva n'komwe.

Sophia anabwera kudzaona mphunzitsi amene angamagwiritsedi ntchito matabuletiwo m'kalasi. Wosankhidwayo amayenera kutenga bokosi lonse pamodzi ndi chipinda chokhala ndi chitseko, ndipo chipinda chotero chinali cha a Gerishomo chokha. Zinthuzo ankazifuna ndi mtima wonse, poti ana awo a Sitandade 2 ankalimbirana buku limodzi long'ambika.

"Tiyesanso mawa," anatero Sophia.

"Musadzivute, chemwali," anatero ahedi. "Ine ndimadziwiratu pongoona munthu. Awa ngakhale foni yawo ndi yamabatani. Mupatseni Brighton, achinyamatawa anabadwa nazo zimenezi."

"Madala, mawa mudzayese ndi chigongono," anawonjeza Brighton, mphunzitsi wobwera kumene. Ofesi yonse inafa nacho chikhakhali.

M'mawa mwake a Gerishomo anatenga mwala wokwechera mapazi n'kukhala kuseri kwa nyumba. Anakwecha nsonga za zala mpaka khungu lofewa linatuluka. Zinawawa zedi, koma anangoluma mano.

Atagwira tabuleti tsikulo, zilembo zinatulukira nthawi yomweyo. Bambo wamkulu uja anamwetulira ngati mwana. Anakoka chala kuti aone tsamba lina, ndipo pagalasi panatsala mzere wa magazi.

Sophia anawalanda tabuletiyo n'kuyamba kuipukuta ndi kansalu, nkhope itachita tsinya. "Izitu agwiranso ana, aphunzitsi."

"Si ndinanena?" anatero ahedi. "Angotiwonongera katundu."

Bokosi linapita kwa Brighton, chipindanso chimodzimodzi.

Sabata yotsatira a Gerishomo ankaphunzitsira pansi pa mtengo wa mango, mphepo ya ku nyanja ya Chilwa ikuwathira fumbi m'maso. Pawindo la chipinda chawo chakale ankamuona Brighton atakhalira bokosi lija, akuonera mpira pafoni yake. Sanalitsekuleponso, akuti ana a asodzi angaswe zinthu za eni.

Kamtsikana kena, Alefa, kanakweza mkono.

"Aphunzitsi, ife tidzagwira liti?"

A Gerishomo anamva manyazi. Anatembenukira ku bolodi, koma choko chinapulumuka m'zala zomanga nsanzazo n'kugwera m'fumbi. Ana anaseka.